Mtengwa Amene Anatsuka Mchere

Kale kwambiri, ananu, mchere sunali paliponse ngati lero. Dziko lonse linali ndi mwala umodzi wokha wa mchere, waukulu ngati dzungu, ndipo unkasungidwa m'mudzi wa kwa Chimphepo. Unkayenda nyumba ndi nyumba. Mayi akaphika, ankaugwira ndi luzi, kuuviika kamodzi mu ndiwo, n'kuupachika pamwamba pa moto. Chifukwa cha utsi, mwalawo unali bii.

M'mudzimo munafika mtengwa dzina lake Nangondo, mkazi waukhondo wopyola muyeso, wotsuka ndi mafuwa omwe. Apongozi ake, a Nasimango, sankamufuna. Tsiku limene mwala unafika pakhomo pawo, anamuuza kuti ukangophwanyika, iye amange katundu azipita kwawo.

Nangondo atauona mwala uja, mtima unamuwawa. Anthu akuluakulu kudya mwaye chonchi? Anaganiza zowadabwitsa apongozi. Anathamangira kumtsinje, nauviika m'madzi, nayamba kuukwecha ndi mchenga. Mwala unayera mbee! Anasangalala, naukwechanso akuimba. Koma dzungu lija linasanduka bwemba, bwemba n'kusanduka nyemba, kenaka m'manja munangotsala madzi.

Mayiyo anathamanga motsatira mtsinje, akutapa madzi n'kulawa. Mchere unali patsogolo, iye pambuyo. Wina unalowa pansi m'dambo, wochuluka unapitirira mpaka kunyanja yaikulu ya kutali. Nangondo anakhala pansi padambopo nalira kwambiri, poti mwamuna wake ankamukonda ndipo kwawo sankafuna kubwererako.

Dzuwa litaswa mtengo, matope a m'mphepete anauma, ndipo pamwamba pake panachita zoyerayera. Anazikhudza, nanyambita chala. Ndi womwewo! Anapala dothilo, nalithira mumphika wobooka pansi, nalicheza monga amachezera chidulo. Madzi odonthawo anawaphika mpaka kuphwa. Pansi pa mphika panatsala mchere wodzaza dzanja.

Madzulo a Nasimango anafunsa kumene kunali mwala. Nangondo anaulula zonse, nawaikira patsogolo nkhwani wothira mchere uja. Mudzi wonse unasonkhana kudzaona mtengwa akupirikitsidwa. Apongozi analawa, nalawanso.

"Katundu wako umange ndithu," anatero. "Koma ukapita, atiphikire mchere ndani? Khala pansi, mwana wanga. Mawa utitsogolere kudamboko."

Nangondo anaseka misozi ili m'masaya.

N'chifukwa chake mpaka lero mchere umabisala m'dothi la m'madambo ena, kumene ng'ombe zimakanyambita pansi, ndipo madzi a m'nyanja yaikulu samweka. Woufuna ayenera kuupala, kuucheza ndi kuuphika thukuta lili kamukamu. Amayi a kwa Chimphepo anamudandaula Nangondo moyo wawo wonse chifukwa cha ntchito imeneyi, koma palibe amene anayerekeza kumuthamangitsa.