Khwawa la Nachuma

Ananu, mukamamva akulu akuti madzi saiwala khwawa, musamayese anangozitola panjira. Mawuwa ali ndi mwini wake, mayi wina dzina lake Nachuma, amene ankakhala m'munsi mwa phiri la Chinkhumbe.

Pamalo a makolo a Nachuma pankadutsa khwawa lotsika kuchokera kuphiri. Akazi a mtundu wake anali ndi mwambo: mvula isanagwe, ankalowa m'khwawamo ndi makasu, kuchotsa miyala ndi zinyalala, n'kubzala nsungwi m'mbali mwake. Ntchitoyi ankaitcha kusesera mlendo njira.

Kenaka kunabwera anthu okumba miyala. Anaphulitsa phirilo mpaka kusiya chidzenje pamwamba, ndipo madzi onse amene ankatsikira m'khwawa anayamba kuthera m'menemo. Khwawa linauma gwa! Anthu ofuna ntchito anakhamukirako, mitengo inatha, nyumba za malata zinamera ngati bowa, mudzi n'kusanduka tauni. Malo omangapo anasowa.

Koma Nachuma, eee, mayi wouma mutu uja! Chaka ndi chaka ankasesabe khwawa louma, yekhayekha, anthu akumuseka kuti akuweta fumbi.

Tsiku lina mwana wake Likongwe, amene ankaphwanya miyala kumgodiko, anabwera.

"Amayi, ndipatseni khwawali ndilikwirire, ndimangepo nyumba. Zidzukulu zanu zikugona mothinana."

"Manga kumtundaku, mwananga. Umo ndi mwa eni ake."

"Eni ake ati? Madzi anasiya kale kudutsa muno!"

"Sanatsanzike," anayankha Nachuma.

Likongwe anapsa mtima. Anapita kumunsi, kumene malire a mayi ake ankathera, n'kumanga nyumba pakati penipeni pa khwawa. Analeka ngakhale kuwalonjera. Nachuma zinkamupweteka kwambiri, ndipo mitambo ikada mtima wake unkakhala uli pa zidzukuluzo.

Ndiye chaka china mvula inagwa usana ndi usiku osakata. M'mawa wina Nachuma anaona timadzi tofiira tikuyenda m'khwawa louma lija. Anadziwa kuti chidzenje chakumtunda chadzaza. Anathamanga ngati mtsikana, chitenje chili m'manja, mpaka kwa Likongwe.

"Tulukani! Iwe Likongwe, nyamula ana!"

"Amayi, mwayambanso?"

Nachuma sanataye nthawi ndi mikangano. Anangotola kamdzukulu kakang'ono, kuponya kumsana, n'kuyamba kukwera mtunda. Nanga bambo angakhale pansi mwana wake akutengedwa? Likongwe anamuthamangira akukalipa, mkazi wake ndi ana enawo ali pambuyo.

Asanafike n'komwe pamwamba, kuphiri kunamveka chimkokomo. Anthu anakuwa kuti, "Napolo! Napolo!" Khoma la chidzenje linali litagumuka. Madzi, matope ndi miyala zinatsika mwaukali, koma zinapeza njira yosesedwa bwino, nsungwi zitagwira nthaka mbali zonse. Zinalowa m'khwawa la Nachuma n'kudutsa pakati pa tauni, nyumba zakumtunda osazikhudza. Kumunsi kokha n'kumene zinakokolola nyumba ya Likongwe, osasiya ngakhale njerwa imodzi. Koma munthu sanafe.

Likongwe anagwada m'matope momwemo, misozi ili mbwembwembwe.

"Amayi, tikagona kuti?"

"Funso lanji limenelo? Kwanu sukukudziwa?" anatero Nachuma uku akumudzutsa. "Madzi saiwala khwawa, mwananga. Awa abwerera kwawo, nawenso tiye kwanu."

Chaka chotsatira tauni yonse inalowa m'khwawamo ndi makasu, Likongwe ali patsogolo, ndipo Nachuma anangokhala pamwala n'kumaloza pofunika kusesa, akumwetulira monyadira.

Mwambi uja unachokera pamenepo: madzi saiwala khwawa. Tanthauzo lake n'lakuti chinthu chimabwerera kumene chinazolowera, ngakhale papite zaka zambiri. Munthu amabwerera kwawo, khalidwe lakale limabwerera kwa mwini wake, ndipo mtsinje umene mwaulanda njira udzabwera kudzaitenga. Choncho ananu, mukadzakula n'kumafuna pomanga, muzidzayamba mwafunsa kuti kale pankadutsa ndani.