Macheka a Mphatso

Bambo a mapasa anali kalipentala wa manja abwino koma wosamva za anzake. Kuseri kwa shedi yawo kunali nkhalango ya mibawa imene anawasiyira malemu bambo awo, ndipo ankagwetsa mtengo pokhapokha munthu akafuna tebulo kapena chitseko.

Tsiku lina kunabwera mlendo wochokera kudziko lakutali kumene mafakitale akuphuka ngati bowa. Mawu a kuno ankadziwa amodzi okha, akuti "bwenzi," ndiye anthu anangomutcha Bwenzi. Anagula mpando n'kuuyamikira. Ulendo wachiwiri anabwera ndi macheka a injini, aulere. Kenako anatumiza thalakitala kudzasalaza msewu.

"Mwaona, mayi a mapasa? Munthu uyu ndi m'bale, kungoti tinasiyana mimba."

Mayiwo anawasansa amuna awo utuchi kundevu. "Nanga msewuwu bwanji sunathere pashedi, bambo? Wapitirira mpaka kumibawa. Kapena mitengo nayonso ikufuna kumakwera basi?"

Bambowo anaseka, n'kunena kuti akazi awo amakayikira ngakhale mthunzi wawo womwe. Bwenzi atapempha kuti azigula zipika zosacheka, iwo anachita manyazi kukaniza munthu wokoma mtima chotere. Macheka analira, malole anatuluka akubuula, nkhalango inayera ngati dazi.

Patapita nthawi, pasitolo yoyang'anana ndi shedi panatsitsidwa mipando yonyezimira, yotsika mtengo, yochokera kwawo kwa Bwenzi. Bambo a mapasa anatembenuza umodzi, anasisita thabwa lake, n'kulinunkhiza. Unali mbawa. Kaya wawo womwe, kaya wa kalipentala wa dziko lina, sakanadziwa. Makasitomala awo anayamba kudutsa pashedi nkhope atatembenuzira kwina.

Bwenzi atabwera ndi womasulira kudzafunsa za mitengo yotsala m'mbali mwa mtsinje, bambowo anamulandira bwino.

"Tandiuza, Bwenzi, macheka aja unandipatsiranji?"

Womasulira anabweza yankho mosabisa. "Akuti kwawo kuli makina ndi anthu ambiri ofuna ntchito, koma mitengo inatha. Inu muli nayo. Akuti sanakunamizeni, kungoti simunafunse."

"Lero ndafunsa. Muuzeni kuti yotsalayi sichoka pano ili zipika. Akaifuna, adzagule zitseko zopangidwa ndi manja awa."

Bwenzi anamwetulira, anawagwira chanza, n'kupita osalonjeza kanthu.

Bambowo anatsala atakhala pabenchi, manja ali m'khosi, akudikira mawu owawa. Koma akazi awo anatulukira ndi beseni la mbande za mibawa zimene ankafesa kuseri kwa bafa.

"Dzukani tikadzale, bambo. Msana wanu ndi wanga tikaphatikiza, ukwana wa munthu mmodzi. Adzukulu adzapezako podula."

Bambowo ananyamula khasu n'kuwatsatira. Mlendoyo sanali wakuba, koma sanalinso m'bale. Ankangodziwa zimene akulu ananena kalekale, zoti kupatsa n'kuika.