Kalipentala ndi Kamakina Konjenjemera

Panali munthu wina, kalipentala wa m'mbali mwa msewu, wa aja amene shopu yawo ndi mthunzi wa mtengo wa mango. Zida zake zinali za manja zokhazokha: sowo, puleni, hamala ndi tchizulo. Ankakhala ndi mkazi wake ndi ana m'nyumba ya zidina imene anamusiyira malemu bambo ake. Nyumbayo inali yakale, koma magetsi analimo. Pakhomo lolowera panali felemu ya mlombwa imene bambo akewo anaipanga okha, mlombwa weniweni wofiira uja, osati matabwa a masiku ano amene chikhadabo chimalowa.

Chaka china chiswe chinaipeza felemuyo. Sichinadye yonse ayi. Chinadya phazi limodzi lokha, mbali imene chitseko chimagwira, utali wake ngati chisononkho. Kuchokera pamenepo kupita m'mwamba thabwa linali lolimba ngati tsiku limene analiika. Koma hinjesi ya m'munsi inalibenso pogwira. Chitseko chinayamba kukhwekhwereza pansi, ndipo potseka unkayenera kuchinyamula ngati munthu wodwala. Makoswe nawo anapeza msewu.

Mkazi wake anati, "Bambo a Mwandida, zitseko za eni mukukonza tsiku ndi tsiku. Chanu chomwe mudzakonza liti? Mvulatu yayamba kugunda."

Munthu uja anatenga sowo. Koma sowo imafuna malo oti ipite ndi kubwerera, ndipo felemu inali yolowa m'khoma, pansi pake simenti. Panalibe poyendetsera. Anatenga tchizulo ndi hamala. Atangomenya kawiri, dothi linayoyoka pamwamba pa khomo, ndipo mng'alu unatuluka pakona, kukwera chakudenga. Anaika hamala pansi. Anaona kuti khoma lonse la pamwamba pa khomo latsamira felemuyo. Kuizula, kapena kuigwedeza kwambiri, kunali kugwetsa khoma. Ndipo kuseri kwa khoma limenelo ndi kumene ana ankagona.

Tsono munthuyu anali atasunga kandalama kogulira makina amodzi a magetsi, amodzi okha, oyamba m'moyo wake. Anapita ku hadiweya m'tauni pamodzi ndi mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, amene anali wowotcherera zitsulo. Njira yonse mlamuyo nkhani yake inali imodzi.

"Gilayinda, alamu. Shopu yopanda gilayinda ndi khonde chabe. Anthu akamva ikulira amadziwa kuti apa pali mmisiri. Mukangosintha chimbale chake, imadula chitsulo, imadula njerwa, thabwa ndiye ngati papaya."

Atafika, wogulitsa anafunsa kuti ntchito yake ndi yotani.

"Ntchito ndi ntchito, achimwene," anayankha mlamu uja. "Tulutsani gilayinda yaikulu."

Wogulitsa anaitulutsa n'kuiyatsa. Inalira mpaka anthu odutsa panja anacheuka. Kalipentala uja anaigwira, namva kulemera kwake m'manja, ndipo mtima wake unaikonda. Anaganiza za anzake a m'mbali mwa msewu, mmene adzasuzumirire. Za felemu anaiwala kaye. Bokosi anali atalikhwapatira kale pamene wogulitsa anati, "Palinso aka. Sikayenda malonda kwenikweni, koma kaoneni."

Kanali kamakina kakang'ono, kukula kwake ngati chinangwa chonenepa. Kutsogolo kwake kunali kampeni kaphwatalala, mano ake ali kunsonga kokha. Wogulitsa atakayatsa, kampeniko sikanazungulire. Kanangonjenjemera pamalo pomwepo, kakulira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.

"Mipeni yake mumasintha," anatero wogulitsa. "Wina wa thabwa, wina wa thabwa la misomali, wina wopalira penti, winanso woikapo sandipepa. Kamalowa pakona pamene sowo singalowe. Koma ndisakunamizeni, madala, si kothamanga. Mukafuna kung'amba nako thabwa lalitali, imvi zidzakupezani musanamalize."

Mlamu anaseka mpaka kugwira kauntala. "Aka kakudwala malungo. Kapatseni mankhwala kaye, kakachira tidzabwera."

Koma kalipentala uja sanaseke. Kulira kumeneko anali atakumvapo kale.

Chaka chapitacho mwana wake Mwandida anagwa mumtengo wa gwafa n'kuthyoka mkono. Kuchipatala anamuika chikhakha. Tsiku lokachichotsa, kalipentalayo ndiye anamuperekeza. Dokotala anatulutsa kamakina kolira chimodzimodzi, ndipo mwana atakaona anabisa mkono kumbuyo, misozi ili chuchuchu. Dokotala sanamukalipire. Anangokayatsa, n'kukakhudzitsa pachikhato chake iye mwini, n'kumuonetsa mwanayo kuti palibe bala. Anati, "Waona, mwanangu? Aka sikazungulira, kamangonjenjemera. Cholimba kamadula, chofewa kamachisiya." Kenako anadula pang'onopang'ono, akuima kufunsa ngati kakutentha. Chikhakha chinatseguka ngati khoko la mtedza, mkono n'kutuluka wowonda, wotuwa, koma wathunthu.

Munthu uja anaima ndi bokosi kukhwapa, maso ali pa kampeni kaja. Kenako anayang'ana chimbale cha gilayinda, n'kuchiyerekeza mumtima mwake pa phazi la felemu. Chinthu chozungulira sichidziwa kona. Kuti chifike mkati mwa thabwa, chiyenera kudya kumanja ndi kumanzere, ndipo kumanja ndi kumanzereko kunali zidina.

Anabweza bokosi pakauntala.

"Mano akatha, mipeni ina ndidzaipeza pompano?" anafunsa.

"Pompano, ndi kwa anzathu tsidya ilo. Koma onetsetsani pomangira pake. Ena amagula kamakina kokongola, mpeni n'kutha, wina wolowa pamenepo osaupeza tauni yonse."

"Nanga ka batire ndi ka waya?"

"Ka batire n'kodula, koma magetsi akazima mumagwirabe ntchito."

"Ndipatseni ka waya. Akazima ndidikira. Felemu sithawa."

Wogulitsa akukulunga anati, "Chinthu chimodzi, madala. Mano a aka ndi akuthwa, osamaseweretsapo chala."

Panja mlamu anagwedeza mutu. "Alamu, ndiye mlongo wanga ndikamuuze chiyani? Kuti amuna ake apita kutauni n'kukagula malungo?"

"Mukamuuze kuti ndagula chokonzera chitseko."

M'mawa mwake anachotsa chitseko, n'kuchirikiza pamwamba pa felemu ndi mtengo wolimba. Anagogoda thabwa ndi chala kuchokera pansi, akumvetsera, mpaka pamene kulira kwa mphako kunathera. Pamenepo anajambula mzere ndi pensulo. Anagwada, n'kulowetsa kampeni kaja pamzere, molunjika, ngati munthu akubaya keke kuti aone ngati yapsa.

Ntchito inachedwa, zoona. Dzanja linachita dzanzi. Mkati mwa thabwa anakumana ndi msomali umene bambo ake anakhomera kalekale, mpeni woyamba n'kuthera pomwepo, mpaka anaika uja wa misomali. Magetsi nawo anazima pakati pa ntchito, iye n'kukhala pakhonde kudikira monga ananenera. Anzake odutsa, akamva kulira kwa kamakinako, ankafunsa ngati wayamba kumeta anthu. Koma pamwamba pa khomo sipanayoyoke dothi ngakhale lodzaza supuni.

Phazi lodyedwa lija linatuluka lokha, lopepuka ngati chigumu chouma. Anasesa chiswe, n'kuthira oyilo wakuda m'dzenjemo. Anasema kathabwa katsopano, n'kukalowetsa bwinobwino ndi guluu ndi masikuluu, n'kubwezera hinjesi ndi chitseko. Mng'alu uja anaumata ndi dothi.

Madzulo mlamu anabwera kudzaona. Anatsegula chitseko, natseka, natsegulanso. Chinayenda osakhudza pansi. Anawerama kuyang'ana phazi lija, pofuna choti anene, ndipo anachipeza. Thabwa latsopano linali loyererapo, lakale lofiira.

"Chigambatu chikuoneka, alamu."

"Chioneke," anatero munthu uja. "Khoma lili chilili."

Sabata yomweyo mvula inagwa yamphepo, yowomba khomo lomwelo. Mkazi wake anatseka chitseko ndi dzanja limodzi, lina atanyamula mwana.

Amayi anzanga, fanizo lathera pamenepo. Ife tonse tili ndi gilayinda, ili m'kamwamu, ndipo sidikira magetsi. Mwana akatapa shuga m'kabati, chodyedwa ndi chiswe ndi kaphazi kamodzi ka khalidwe lake. Koma tamverani mmene timadulira: "Ndiwe wakuba, watengera kwa atate ako, sudzapindula iwe." Pamenepo tadula za shuga, tadula bambo ake, tadula ndi mawa lake lomwe. Aneba amamva n'kunena kuti mayi uyu amalanga, monga mmene anthu ankacheukira gilayinda ija. Koma mwana uja wasiya kutiuza zinthu, ndipo mng'alu wakwera ife osauona.

Sindikunena kuti chowola tichisiye. Chiswe ukachinyengerera chimamaliza felemu. Ndikunena kuti musanatsegule pakamwa, gogodani kaye mumve pamene mphako yalekeza, mujambule mzere pamenepo. Shuga akhale shuga. Za lero zikhale za lero. Zimachedwa, zimatopetsa, ndipo palibe adzakuyamikireni kuseri kwa mpanda, chifukwa sadzamva kanthu. Chigamba mwina chidzaoneka. Koma chimene mukudulacho chatsamiridwa ndi khoma, ndipo kuseri kwa khomalo kukugona mwana wanu.