Digiri ya Mwalimu Twaibu

Ku komboni ya Kapata, nyumba ya Mwalimu Twaibu Mdoka ndi ya a Andireya Tembo zinkalekana ndi mpanda wa udzu basi. Twaibu ankaphunzitsa Chiarabu ndi Kurani kumadrasa ya pafupi ndi mzikiti. A Andireya, mwana wa mphunzitsi wa kumishoni ya Tamanda, anali kalaliki ku ofesi ya zamaphunziro. Wina ankapemphera Lachisanu, wina Lamulungu, koma pamaliro ndi paukwati ankakhala pamphasa imodzi.

Mu 1993 akuluakulu a mzikiti anaganiza zomanga koleji yophunzitsa aphunzitsi a madrasa, yolembetsedwa kuboma. Onse maso anali pa Twaibu kuti ndiye adzaitsogolere. Koma boma linkafuna kuti mkulu wa koleji akhale ndi digiri yachiwiri, pomwe iye anali ndi yoyamba yokha. Analembera mayunivesite awiri kupempha malo, onse anamukana. Kenako anaona m'magazini chilengezo cha koleji ina ya kutsidya kwa nyanja, yophunzitsa za Chisilamu kudzera papositi. Analemba, ndipo mwezi usanathe yankho linafika: mwalandiridwa.

Munthu amene wagogoda zitseko ziwiri n'kubwezedwa, chachitatu chikatseguka amangolowa osaona kuti m'nyumbamo muli ndani. Twaibu anathamangira kwa mnansi wake kalata ili m'manja, mano onse pamtunda.

A Andireya anavala magalasi n'kuiwerenga kawiri. "Mwatichotsa manyazi ife a m'komboni, Mwalimu. Koma ndibwerekeni kalatayi sabata imodzi. Ndilembe ku Lusaka, tifunse ngati boma limaidziwa kolejiyi. Mapepala ena amangowala chabe."

"Aneba, za Chisilamu a ku Lusaka angazidziwire kuti?" anatero Twaibu akupinda kalata yake. "Inu samalani mafaelo anu. Izi n'zathu."

Mawuwo anali akuthwa, koma gwero lake silinali kunyoza ayi. Anali mantha. Twaibu ankaopa kuti akafunsa amva zimene sakufuna, ndipo chitseko chachitatuchi chitsekekanso. Mkazi wake Asiyatu anaona zimenezi, pakuti mwamuna amabisira anthu onse koma osati womuchapira malaya.

"Bambo a Hawa, kufunsa sikuchotsa ulemu," anatero mofatsa.

"Amake Hawa, Mulungu watsegula. Ine ndiyambenso kufufuza?"

Asiyatu anaisiyira pomwepo nkhaniyo. Ankamukonda mwamuna wake, ndipo sanafune kuzimitsa chimwemwe chimene chinali chitasowa m'nyumbamo kwa nthawi yaitali.

Tisamunamizire Twaibu ulesi, ntchito anaigwira. Akachoka kuswala, pemphero la m'mawa kumzikiti, ankakhala patebulo mpaka nthawi ya madrasa. Loweruka ankapalasa njinga m'midzi kukafunsa mashehe okalamba mmene Chisilamu chinafikira kuno, ndipo zonse ankalemba m'buku lake la kafukufuku. Munda wawo wa mtedza ku Kasenengwa unatsalira Asiyatu yekha, madzinja atatu, osadandaula.

Chinthu chimodzi chinkamusowetsa mtendere. Mapepala amene ankatumiza ankabwerera ali mbee, opanda ndi kadontho komwe ka inki yofiira, pamwamba atangolemba kuti wakhoza bwino kwambiri. Iye, monga mphunzitsi, ankadziwa kuti pepala lowerengedwa silibwerera loyera chotero. Kawiri konse anaimirira kuti apite kwa a Andireya, kawiri konse manyazi anamukhazika pansi.

Mu 1996 satifiketi inafika, ya chidindo chagolide. Makoma a koleji ya mzikiti ija anali atatha, ndipo Twaibu anakwera basi ya ku Lusaka pamodzi ndi Shehe Imedi, wapampando wa komiti, kukapereka mapepala kuboma. Mayi amene anawalandira anatsegula buku lalikulu, chala chikutsika mzere ndi mzere. Anatsegulanso lina.

"Pepani, bambo," anatero mwaulemu. "Koleji iyi mulibe m'mabuku athu. Ngakhale kwawo komweko boma silinaivomereze. Digiri iyi sitingailandire."

Twaibu anafuna kutulutsa buku lake la kafukufuku kuti mayiwo aone thukuta lake, koma anadziwa kuti funso silinali pa thukuta.

Pobwerera anadutsa mtsinje wa Luangwa. Atayandikira Katete, Shehe Imedi anamugwira dzanja Twaibu monga bambo agwirira mwana wodwala.

"Mwana wanga, iwe wemwe umaphunzitsa kuti mawu onenedwa kuti ndi a Mtumiki wa Mulungu sitiwalandira tisanafunse kuti wawanena ndani, ndipo iyeyo anamva kwa yani. Nanga sukulu yakoyi, unafunsa kuti anaivomereza ndani?"

"Sindinafunse, Shehe. Wondiuza kuti ndifunse analipo, ndinamutseka pakamwa."

Komiti sikanadikira zaka zina zitatu. Udindo unapatsidwa kwa munthu wina wochokera ku Ndola.

Tsiku lotsegulira koleji, Twaibu anati sapita. Asiyatu anatulutsa mkanjo woyera umene anali atamusokera mobisa kuti adzavale monga mkulu wa koleji. Twaibu atauona, misozi inalengeza.

"Ndakulimitsa wekha madzinja atatu pachabe, amake Hawa."

"Pepala ndi limene lakanidwa, osati inu," anatero akumuveka. "Zimene munamva kwa mashehe aja zili m'mutu mwanu, palibe angazifufute. Pitani mukakhale ndi anzanu."

Anapita, nakhala pamzere wachitatu, nawomba m'manja pamene mlendo wa ku Ndola uja ankalandira makiyi. Zinamupweteka kwambiri, koma sanachoke mpaka mwambo unatha.

Loweruka lotsatira anaodira pakhomo la a Andireya, buku la kafukufuku lili m'khwapa.

"Aneba, ndabwera kudzafunsa. Ndachedwa ndi zaka zitatu."

A Andireya sanakumbutse za kale. Anamukokera mpando, natulutsa makina awo akale otaipira, nalowetsamo pepala.

"Tchulani mayunivesite onse amene mukuwafuna, Mwalimu. Kalata yoyamba ipita ku Lusaka. Akatiyankha kuti yakuti njovomerezeka, m'pamene tipemphe malo. Bukuli musalitaye, lipeza wolilemba ndi inki yofiira."

Twaibu anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu, imvi zitayamba, ndipo anali kuyambiranso pomwe anaima mu 1993. Thandizo limene likanamupulumutsa linali kutsidya kwa mpanda wa udzu nthawi yonseyi, pamtunda woti munthu n'kuitana ali chikhalire. Akulu akale sananame: safunsa anadya phula.