Nthochi ya pa Phiri la Mbisadzuwa

Padangokhala, abale anga, phiri lotchedwa Mbisadzuwa, lomwe nsonga yake sinkaoneka chifukwa cha nkhungu. Lamulo lake linali ili: ukapeza nthochi zakupsa pathanthwe, dziwa kuti ndi za mizimu. Idya mwakachetechete, usaitane mnzako, ndipo usatenge ngakhale imodzi. Wophwanya lamuloli ankagwidwa ndi Chimkuta, chimphona cha mitu itatu chimene chinkalondera pansongapo.

Kamwendo, mnyamata wocheka matabwa a mkungudza, ankalidziwa bwino lamuloli. Koma atazipeza nthochizo anakumbukira mlongo wake Ndaziona, kamtsikana kotsimphina komwe anthu ankakaiwala ngakhale pogawa chiponde. Anabisa imodzi m'thumba. Anzake anangomva "Mayo ine!" nkhungu n'kutseka. Anatsika ndi sowo yake yokha.

Amuna onse a m'mudzimo anangoti kakasi. Ndaziona anatola ndodo yake.

"Iwe, ndi mwendo wakowo?" anatero mayi ake akulira. "Ukufuna ndilire maliro awiri?"

"Amayi, ngati achimwene anatenga nthochi, ankatengera ine. Ndipita basi."

Phirilo silinali lamasewera ayi. Udzu unali woterera, mitsinje yozizira mpaka m'mafupa. Ndodo inagwera kuphompho, iye n'kumakwawa ndi manja, maondo ali magazi okhaokha. Mbalame sizinkalira. M'mbali mwa njira munali miyala yooneka ngati anthu ogwada, ina itasenza nkhwangwa. Kunena zoona, mwanayo anachita mantha kwambiri.

Pampata wina anapeza khungubwe wothyoka phiko. Anamunyemera chinangwa chake chomaliza.

"Mwana iwe," anatero khungubweyo, "pamwambapo ulemu wakwanu ndi imfa. Idya wekha, usayankhe, koma usiye imodzi."

Pansonga mphepo inkalira ngati anamfedwa. Ndaziona anaona mwala wamapewa otambalala, dzanja lili m'thumba. Anali achimwene ake! Pafupi pake panali phava la nthochi, lachikasu mbuu. Anameza kulira, n'kukhala pansi kuyamba kusenda.

Nthaka inanjenjemera. Mitu itatu inatuluka m'nkhungumo, malovu ali chuchuchu, mano ngati makasu.

"Odi, odi," unatero mutu wapakati. "Kwanu amadya osaitana alendo?"

Ndaziona anangopitiriza kudya.

"Anakulera ndani iwe, wopanda mwambo?" unakalipa wakumanzere. "Amako adzamva manyazi!"

Mawuwo anamulasa, pajatu mayi ake sankalola munthu kudya yekha wina akuyang'ana. "Tiyeni tidye" anafika pamilomo penipeni. Anawakankhira m'mimba ndi nthochi. Atatsala ndi imodzi anaisiya pathanthwe, n'kusendera kumbuyo.

Ha, umbombo! Mutu wakumanja unaitsomphola nthochi ija! Iwiri ija inaulumphira, uwu kuluma khutu, uwo kuluma mphuno, mpaka wakumanja uja unafuula kuti, "Ndisiyeni! Bwerani tidye tonse!"

Mphepo inaleka. Lamulo la mizimu siliona nkhope: woitana mnzake walakwa basi. Nkhungu yonse inatembenukira Chimkuta, n'kumukulunga ngati mtembo m'mphasa. Anauma kukhala mwala, mwalawo n'kung'ambika patatu, zidutswa gubudugubudu mpaka kuphompho.

Dzuwa linawala pa Mbisadzuwa. Ndaziona anaona dziko lonse lili pansi pa mapazi ake: minda yobiriwira, mitsinje ngati ulusi, mapiri akutali, ndi kadenga ka nyumba yawo kakufuka utsi. M'njira monse miyala ija inkadzuka, kutola nkhwangwa.

Kamwendo anayetsemula. Atamuona mlongo wake anatulutsa dzanja m'thumba.

"Ndaziona! Taona, ndinakusungira iyi."

Ndaziona anaifuna nthochiyo, poti palibe munthu wina anamusungirapo kanthu chibadwire. Koma anatembenuka, misozi ili mbwembwembwe.

"Idyani pompano, achimwene. Musandiitane."

Kamwendo anadya yekha, akulira. Kenaka anamunyamula paphewa, anthu oomboledwawo akuimba dzina lake kutsika phiri lonse. Yanga yathera pomwepo.