Thandizo Lomwe Linafika Moto Utadutsa

Panali munthu wina amene analemera ndi ntchito yocheka matabwa. Anayamba ndi macheka a pamanja, mapeto ake anali ndi malole asanu. Kumene malole ake ankadutsa kunkatsala zitsa zokhazokha. Atakalamba n'kuyamba kudwala, mtima unamutsutsa. Anaitana ana ake awiri, wamwamuna ndi wamkazi, n'kuwauza kuti apatule gawo la chuma chake likhale thumba la banja, lothandizira anthu osamala nkhalango ndi nyama zakutchire. Mwezi usanathe, munthuyo anamwalira.

Anawo anachita monga anawauzira. Wamwamuna ankakhala kunja kwa dziko, choncho amene ankayendetsa thumbalo anali mlongo wake, dzina lake Ndaziona. Sanali mayi wouma mtima ayi. Koma chaka choyamba anthu ena anamunamiza, analandira thandizo osabzala mtengo ndi umodzi womwe. Kuyambira pamenepo anaika malamulo. Wopempha akhale ndi bungwe lolembetsedwa kuboma, alembe pempho lake pa makina, ndipo alipereke mwezi wa Malichi usanathe.

Tsiku lina m'mwezi wa Julayi, kuofesi kwake mumzinda kunafika nkhalamba ina, a Dzinkambani. Anali atakwera mabasi awiri, nsapato zili fumbi lokhalokha. Kwa zaka makumi atatu bambowa ankalondera nkhalango ya paphiri la kwawo, popanda wowatuma kapena wowalipira. Ankachotsamo misampha. Ankabweza odula mitengo ndi pakamwa chabe. M'nkhalangomo munali mibawa ndi misuku, agwape ndi nkhanga, komanso kasupe amene midzi itatu inkatungapo madzi. Chaka ndi chaka ankalambula mseu wotchinga moto kuzungulira nkhalango yonse, iwo ndi khasu lawo. Koma chaka chimenecho msana unali utawakana.

Anatulutsa kalata yolemba pamanja, pa pepala long'amba m'kope, n'kuipereka ndi manja awiri.

“Mayi, sindikupempha zambiri,” anatero. “Makasu, zikwanje, ndi chakudya cha anthu oti andithandize kulambula. Udzu chaka chino wakula kupitirira munthu.”

Ndaziona anawerenga kalatayo mpaka kumapeto, ndipo chisoni chinamugwira. Komabe anati, “Bambo, nkhani yanu ndaimva. Kungoti nthawi yolandira mapempho inatha. Mukalembetse kaye bungwe, mudzabwere Malichi.”

“Mayi, moto kwathu umabwera Okutobala.”

“Ndikaphwanya lamulo chifukwa cha inu, mawa aliyense adzafuna zomwezo.”

Anawapatsa tiyi, anawalipirira basi, n'kuwaperekeza mpaka pachipata. A Dzinkambani anathokoza n'kumapita.

Atafika kwawo anayamba kulambula okha. Ankalima pang'ono, n'kukhala pansi, n'kudzukanso. Pofika Okutobala anali asanafike ndi theka lomwe. Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, anthu osaka mbewa anayatsa udzu m'munsi mwa phiri. Mphepo inali yamphamvu. Moto unalowera mbali yosalambula ija, ndipo unayaka masiku awiri.

Ndaziona sanamve kanthu. Kalata ija inali pansi pa mapepala ena patebulo pake. Malichi atafika anadikira, koma nkhalamba sinabwere. Mtima wake sunakhazikike. Anagula makasu ndi zikwanje, analongedza matumba a ufa ndi nyemba m'galimoto, n'kupita yekha kumudzi kuja akufunsa njira.

Anawapeza a Dzinkambani atakhala pakhonde, ataonda kwambiri. Anamulonjera mwaulemu, ndipo sanamudzudzule. Anangotenga ndodo yawo n'kunena kuti, “Tiyeni mukaone.”

Anakwera phiri pang'onopang'ono. Mitengo ikuluikulu inali itaima yakuda bii, yopanda tsamba. Ina anali ataigwetsa kale ootcha makala, poti inali itafa. Mvula inali itakokolola dothi ndi phulusa n'kukwirira kasupe, moti amayi a midzi itatu ija tsopano ankayenda mtunda wautali kukatunga madzi kudambo. Sikunkamveka kulira kwa mbalame.

Pafupi ndi mwala wina nkhalambayo inaima n'kuloza pansi ndi ndodo.

“Apa ndinapezapo ngaka, kanyama ka mamba kaja,” anatero. “Ngaka ikaona choopsa siithawa, imangodzipinda. Ndinaipeza itadzipinda, mwana wake ali m'kati, zonse zitafa ndi moto. Ndinazikwirira pomwepa.”

Ndaziona anakhala pamwalapo n'kulira. Kenako anati, “Bambo, ndabwera nazo zonse zimene munapempha. Zili m'galimoto. Za malamulo zija tiziiwale.”

A Dzinkambani anapukusa mutu.

“Kuno kulibenso chotchinjiriza, mayi. Koma kuseri kwa phiri ilo kuli mayi wina wamasiye amene akusunga mitengo ya m'mbali mwa mtsinje. Kuli mbawala kumeneko. Nayenso alibe bungwe, ndipo kulemba sadziwa. Musamuuze kuti abwere kumzinda. Pitani inuyo, lero lomwe.”

Ndaziona anapita tsiku lomwelo, ndipo mitengo ya kumtsinje ija ilipobe. Koma a Dzinkambani sanakwerenso phiri lawo. Anamwalira mvula yotsatira isanagwe.

Tsono inu amene mukundimva, ena mwa inu mwasungitsidwa chuma choti chithandize ena, kaya ndi cha banja, cha mpingo, kapena cha gulu. Malamulo ndi abwino, amatiteteza kwa onama. Ndaziona uja sanabe kanthu, sananyoze munthu, ndipo madzulo a tsiku limene anabweza nkhalamba ija anaweruka akudziwa kuti wachita zoyenera. Chimene sanachite n'kunyamuka kukaona udzu umene nkhalamba inkanena. Munthu akabwera kwa inu ndi pempho losalongosoka, musayambe ndi kumufunsa za mapepala ake. Yambani mwamufunsa chimene chiwonongeke akamadikira, ndiponso kuti chiwonongeka liti. Akakuuzani, pitani mukaone nthawi ikadalipo. Mtengo umene wakula zaka zana umapsa masana amodzi, ndipo palibe mmodzi wa ife pano amene adzakhale ndi moyo mpaka wina udzakule pamalo pake.