Mphiri ya ku Katondo ndi Mpando wa Mai Matewere

Kalekale, koma osati kale loti mafoni kunalibe, kunali chipani china chotchedwa Mphukira. Mtsogoleri wake anali Mai Dorika Matewere, mphunzitsi wopuma pantchito. Chipanichi chinagonja pa zisankho kawiri, ndipo mayiwa ankadziwa chifukwa chake. Anthu akafunsa zimene Mphukira idzachite ikadzalowa m'boma, ankamva mayankho atatu osiyana.

A Fanuel Kachingwe, mwini lole yonyamula mbewu, ankati misonkho itsike, boma lisiye anthu achite malonda. Mai Felesiya Nanthambwe, namwino wakale amene tsopano anali khansala, ankati msonkho ukwere ndithu kuti boma lizisamala anthu ake. A Mayeso Chatsika, ophunzitsa zamakompyuta, ankati awiriwo ngotsalira, ntchito zambiri za boma ziperekedwe kwa nzeru zamakina, zija umazifunsa pafoni n'kukuyankha ngati munthu. Misonkhano ya akuluakulu inkatha ndi kumenya matebulo, Mai Matewere n'kubwerera kwawo mutu ukuwawa, papepala palibe cholembedwa.

Tsiku lina onse anayi anapita kukachititsa msonkhano ku Katondo, mudzi wakutali ndi msewu wa tala. Mai Matewere akudutsa kanjira ka m'munda wa chinangwa, njoka inawaluma mwendo.

Anthu anaipha njokayo. Wina anathamangira lumo kuti ateme pabalapo, wina anabwera ndi mphira kuti amange mwendo. A Chatsika anawaletsa onse. Anajambula njokayo ndi foni n'kufunsa. Makina anayankha kuti ndi mphiri, asateme, asamange, ndipo anatchula chipatala chimodzi chokha chimene chinali ndi mankhwala ake. Sichinali chapafupi chija aliyense ankafuna kuthamangirako.

Ataimbira ambulansi, anauzidwa kuti ilibe mafuta. A Kachingwe anali atabwera ndi lole yawo itadzaza soya. Sanafunse munthu. Anakhuthulira matumba onse pansi, kumwamba mitambo itada, nagoneka mayiwo kumbuyo. Anayendetsa m'matope maola awiri osapuma. Lole inafika pachipatala ikufuka utsi, ndipo soya uja anavumbwa ndi mvula n'kuwola.

Mankhwala analipodi mufiriji, ndipo analipo chifukwa cha Mai Nanthambwe. Chaka chapitacho anaumirira kukhonsolo kuti msonkho wa pamsika ukwere, pagulidwe firiji ya sola ndi mankhwala a njoka. Amalonda anawatukwana, ena mpaka anawaswera mawindo. Tsiku la njoka lija pachipatalapo panali namwino mmodzi, amene anali asanaperekepo mankhwala otere. Mai Nanthambwe anavula nsalu ya chipani, nasamba m'manja, n'kuika diripi okha.

Mai Matewere anapulumuka, koma mwendo sunabwerere mwakale. Poona kuti sangathenso kuzungulira midzi, anaganiza zotula pansi udindo. Nthumwi za chipani zinawauza kuti, "Amene mumuloze ndi amene timutsate, pamodzi ndi mfundo zake."

Mayiwa anali ndi chiyembekezo. Anthu amene anagwirizana pamaso pa imfa, angalephere kugwirizana papepala? Anawaitana onse atatu pakhonde pawo.

Asanamalize n'kuwathokoza komwe, a Kachingwe anayamba. "Amayi, ambulansi ya boma inali kuti tsiku lija? Msonkho wa a Nanthambwewa unandigulitsitsa lole yanga yachiwiri. Ukadakweranso pang'ono, iyinso ikadapita, inu mukadatsirizikira ku Katondo."

"Lole yanuyo ikadawafikitsa pa firiji yopanda kanthu," anayankha Mai Nanthambwe. "Mankhwala aja sagulitsidwa pagolosale. Nanga mlatho munawolokera uja anamanga ndani? Inu?"

A Chatsika anaseka chapansipansi. "Nonse awiri mukadathamangira chipatala cholakwika, mwendo utamangidwa ndi mphira. Mukadabwerako ndi maliro."

"Makina anuwo anadziwa bwanji kuti mankhwala alipo?" anafunsa Mai Nanthambwe. "Amene analemba zimenezo m'kompyuta ndi kalaliki wa pachipatala, mmodzi mwa anthu amene inu mukufuna achotsedwe ntchito."

Mai Matewere anamenya ndodo yawo pansi. "Sindinakuitaneni kuti mudzandigawane ngati nyama. Ndikufuna tsamba limodzi lokha, lonena za msonkho, za ntchito ya boma ndi za makinawo, nonse atatu musaine."

"Dzina langa silingakhale pansi pa msonkho wokwera," anatero a Kachingwe.

"Langanso silingakhale pansi pa chipatala chopanda mankhwala," anatero Mai Nanthambwe.

A Chatsika anangoti, "Amayi, tikusainira zakale pamene dziko likuthamanga?"

Ponyamuka, aliyense ananena poyera kuti akapanda kusankhidwa, atuluka m'chipani ndi anthu ake. Sabata isanathe, Mai Matewere anamva kuti bala lawo lasanduka nkhani ya kampeni. Kumsika ankati anawapulumutsa ndi lole, kuchipatala ankati firiji, achinyamata pamafoni ankati makina. Panalibe ndi mmodzi yemwe wa atatuwo amene anabweranso kudzafunsa kuti mwendo ukupeza bwanji.

Zinawapsetsa mtima, koma mkwiyowo sunawachotsere ntchito yosankha. Akaganiza za a Kachingwe, ankaona munthu amene anataya katundu wake osawerengera, komanso ankaona firiji ija itazima. Akaganiza za Mai Nanthambwe, ankakumbukira dzanja lawo losanjenjemera, n'kukumbukiranso ambulansi imene misonkho yonse ija inalephera kuithira mafuta. A Chatsika anawasungira mwendo ndi moyo, inde, koma kalaliki uja anali ndi ana asanu.

Tsiku la msonkhano waukulu linafika. Holo inadzaza, atatu aja atakhala kutsogolo motalikirana. Mai Matewere anayenda pang'onopang'ono mpaka pa chimkuzamawu, natsamira ndodo yawo.

Ine nkhaniyi ndaisiyira pomwepa, chala cha mayiwo chisanaloze munthu. Inu amene mwamva zonse, tandiuzani: pakati pa mwini lole, namwino wa firiji ndi mphunzitsi wa makina, ndani anapulumutsa Mai Matewere? Ndipo amene mwamutchulayo, kodi ndi yemweyo amene mungamupatse chipani kuti akulamulireni?